Nyimbo ya Mabotolo a Malemu Rudd

Bandi ikatha ku Nashville, mzinda wa oyimba m'chigawo cha Tennessee ku America, anthu safunsa kuti wolakwa ndani. Amangodikira kuti aone amene ayambe kutulutsa chimbale chonyoza mnzake. Pa mpikisano umenewu Coralee Tackett ndiye anali patsogolo. Chaka chinali chitatha chisiyanirane ndi Dewitt Sizemore, amene ankayimba naye komanso kukhala naye nyumba imodzi nthawi yonse imene bandi yawo inali moyo, ndipo chimbale chake choyamba choyimba yekha chinali chitajambulidwa kale, chikungodikira kutuluka mwezi wotsatira. Zinali nyimbo za kumudzi, koma zija zowawa zimene mawailesi akuluakulu amazikana, ati zimagwetsa anthu ulesi. Pafupifupi zonse zinali zomusenda Dewitt wamoyo. Yomaliza yokha ndiyo inali ya munthu wina, Emmett Rudd.

Emmett anali wokonza magitala, mwamuna wamtali wosowa mawu, wochokera kumapiri a kum'mawa kwa Tennessee. Coralee anamudziwa tsiku limene anamupititsira gitala yothyoka khosi, ndipo Emmett sanafunse kuti wathyola ndani, ngakhale mzinda wonse unkadziwa. Anamufunsira mmene amamatira matabwa, pang'onopang'ono, osakakamiza. Coralee, amene anazolowera chikondi chaphokoso cha mbale zouluka, poyamba ankayesa kuti munthuyu ndi wogona. Pamene ankazindikira kuti ndi wofatsa chabe, n'kuti atamira kale mpaka m'khosi.

Tsiku lina ali m'galimoto, Emmett anamuuza chimene anali asanauzepo munthu. Bambo ake, malemu Hollis Rudd, mkulu wa mpingo amene ankatsogolera nyimbo Lamulungu lililonse, ankamwa mowa mobisa kuseri kwa chigafa cha fodya. Emmett ali wamng'ono ankatolera mabotolo Loweruka lililonse n'kukawakwirira m'mbali mwa mtsinje kuti alendo asawaone. Mowawo ndi umene unawapha. Amayi ake, Mayi Ozella Rudd, anauza mpingo kuti unali mtima, ndipo chithunzi cha malemuyo chinali chikadali pakhoma la tchalitchi.

Wolemba nyimbo si munthu womuululira zakukhosi. Iwe ukulira, iye akumvetsera mmene mawu ako akugwera. Coralee anamugwira dzanja, analira naye misozi yeniyeni ndithu, koma asanafike kunyumba mzere woyamba unali utabadwa kale. Nyimbo itatha anamuyimbira Emmett ali awiriwiri. Emmett anavomera kuti ikhale m'chimbale popeza munalibe dzina la munthu, bola amayi ake ayimve poyamba, kunyumba, kuchokera kwa iwo awiri. Anafunsanso ngati Dewitt akudziwapo kanthu. Coralee anati Dewitt sanamuonepo chithereni bandi, ndipo apa ndi pamene ananama.

*

Lamulungu limene anapita kumapiri kukaonekera, Coralee anavala diresi la manja aatali kuti abise maluwa odindidwa pamkono pake. Mayi Rudd anamulandira ndi kumwetulira kwa mano okhaokha. Patebulo panali nkhuku yokazinga, zitheba, mkate wa chimanga ndi tiyi wozizira wa shuga wambiri. Pemphero linali lalitali, ndipo linakumbukira mwapadera ana aakazi a anthu amene asochera m'nyumba za mowa.

"Ndiye bambo aja munkakhala nawo aja, mwanawe, ukwati munadalitsira tchalitchi chiti?" anafunsa Mayi Rudd akumupatsira mbale.

Coralee anati sanadalitse.

"Oho. Ndiye kuti palibe chimene munaphwanya. Tengani nkhuku ina, mwaonda. Ntchito ya usiku imatha thupi."

Emmett anangoyang'ana m'mbale mwake ngati muli nkhani yofunika kuwerenga. Gitala imene Coralee anabwera nayo kuti amayi amve nyimbo ija inatsala m'galimoto, ndipo palibe amene anaitchula. Potsanzikana, Mayi Rudd anati amva kuti Loweruka masana Coralee akayimba ku Nashville, ndipo abwera, akaone ndi maso awo kumene zikuthera nsapato za mwana wawo.

Pobwerera anakangana njira yonse. Coralee anati mwamuna amene amalola mkazi wake kutukwanidwa pa chakudya ndi wamantha. Emmett anati amayi ake sanapondepo malo ogulitsa mowa chibadwire, ndipo kunena kuti abwera ndiko kuvomera kwawo, sadziwa kuvomera kwina. Anamupempha kuti Loweruka ayimbe nyimbo zofatsa, ya mabotolo aisunge mpaka adzapeze mpata wabwino. Coralee analonjeza. Mkwiyo unali utamuthera, m'malo mwake munalowa chiyembekezo, chimene ndi choopsa kuposa mkwiyo.

*

Chimene Coralee anaika kumpanje chinali chaching'ono, mwina n'chifukwa chake chinakula. M'mawa umene ankamaliza nyimbo ija, Dewitt anagogoda pakhomo kuti wabwera kudzatenga sipika yake yakale. Analowa ndi chipewa chake chachikulu chimene sankavula ngakhale pamaliro, anadzithirira khofi ngati kwawo, n'kukhala patebulo la kukhitchini pamene panali gitala. Coralee akanamuthamangitsa pomwepo. Koma nyimbo ikakhala yatsopano imayabwa, imafuna khutu, ndipo khutu labwino kuposa la Dewitt m'mzinda wonsewo munalibe. Anamuyimbira.

Dewitt anamvetsera atatsinzina. Anafunsa ngati ndi nkhani ya kalipentala wake uja, ndipo Coralee sanakane. Kenako anati mwanayo asamataye mabotolo mumtsinje, aziwakwirira, chifukwa chokwiriridwa chimakhalabe pomwepo. Coralee anali atasintha dala zoona zake pofuna kubisa, koma atamva mawuwo anadziwa kuti ndi amene nyimbo imafuna. Anasintha, anaseka, n'kumutulutsa ndi sipika yakeyo. Palibe china chimene chinachitika m'nyumbamo.

Koma ku Nashville mwambo ndi umodzi ndipo aliyense amaudziwa: amene anali m'chipinda nyimbo ikulembedwa, n'kuponyapo ngakhale liwu limodzi, nyimboyo ndi yakenso mofanana. Sawerenga kuti wina anatuluka thukuta mwezi wonse pamene wina anangomwa khofi. Coralee anakulira mu mwambowu, anadyerapo kangapo iye mwini, koma ulendo uno anadziuza kuti kukhitchini si chipinda cholemberamo nyimbo.

Lachinayi uthenga wa Dewitt unalowa pafoni.

"Ndamva chimbale chapsa. Dzina langa lilipo pa nyimbo yathu ija?"

"Ulibe nyimbo ndi ine," anayankha Coralee.

"Chabwino, mayi. Tionana Loweruka."

Coralee anaimbira foni mwini malo amene ankayenera kukayimbako Loweruka. Mwini malo anati inde, woyimba mmodzi wadwala pakhosi ndipo Dewitt wadzipereka kulowa m'malo mwake, matikiti atha kale. Anafunsa ngati pali vuto, koma mawu ake anali a munthu amene akuwerenga mipando. Coralee anagwira foni kuti amuuze Emmett zonse, anaiyika pansi, anaitolanso. Anaganiza kuti Dewitt angomunyogodola pang'ono monga mwa masiku onse, basi. Anamuuza Emmett kuti Dewitt adzakhalapo, zina zonse anameza.

*

Zoyimba za olemba nyimbo zilibe ng'oma kapena magetsi othwanima. Pasiteji pamakhala mipando italiitali yondandalikana, aliyense ndi gitala yake, ndipo amayimba mosinthana, munthu nyimbo imene analemba yekha kapena ndi mnzake. Asanayimbe amafotokoza mmene nyimboyo inabadwira. Omvera salankhula, ndipo woyimba sachoka pampando mpaka mzere wonse utatha, ngakhale mnzake atamutukwana amake.

Mayi Rudd anakhala patebulo lakutsogolo, chikwama pamiyendo, kapu ya madzi patsogolo pawo, msana uli chilili. Emmett anavala malaya osita. Coralee atayimba nyimbo yake yoyamba, ya agogo ake amene ankasoka zofunda, anaona mutu wa Mayi Rudd ukugwedezeka pang'ono, ndipo mumtima anati zatheka.

Ulendo wachiwiri Dewitt, amene anakhala kumanja kwake, anakankhira chipewa kumbuyo n'kuyandikira maikolofoni.

"Iyi ndi yatsopano, abale anga, simunaimvepo. Ndinalemba ndi mayi ali pambali pangawa. Musaseke. Anthu amati sitilankhulana, koma khofi wa m'mawa kukhitchini kwawo akadali wokoma ngati kale."

Anthu anaseka, ena anaimba mluzu.

"Ndi nkhani ya mnzathu wina wokonza magitala, mwana wa mkulu wa mpingo kumapiri uko. Sindimuloza, ndi wamanyazi. Koma ndikuona wabwera ndi amayi ake. Tiyeni tiwaombere m'manja amayi."

Anthu anaomba, mitu inatembenuka, ndipo Mayi Rudd, posadziwa chimene chikubwera, anaweramitsa mutu mwaulemu. Dewitt anayamba kuyimba. Anaithamangitsa nyimbo ija ngati ya gule, anapotoza mawu ngati chidakwa, ndipo atafika pamene bambo akutsogolera nyimbo m'tchalitchi mpweya ukununkha, anachita ntchikwi. Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Anthu ankaseka mabotolo, ankaseka mwana wokumba m'mbali mwa mtsinje, ankaseka mayi wosita malaya a mwamuna amene sangathe kuima.

Munthu wanzeru akanakhala chete. Akanayang'ana pansi, n'kudzanena pambuyo pake kuti Dewitt anaiba nyimboyo kusitudiyo, ndipo mwina Emmett akanakhulupirira. Koma Coralee anali wolemba nyimbo, ndipo imeneyi inali yabwino kuposa zonse zimene analembapo. Kuimva ikuphedwa chotero kunamupweteka kuposa manyazi, kuposa mantha. Sanaganize n'komwe za tebulo lakutsogolo. Zala zake zinagwira zingwe zokha, anakokera liwiro pansi, n'kulowa ndi mawu ake pamwamba pa a Dewitt.

Dewitt anamutsatira nthawi yomweyo, chifukwa ndi chimene ankadikira. Anasiya zoseleula, mawu awo anagwirana mmene ankagwiranira kale, ndipo kuseka kuja kunazima. Anayimba mpaka kumapeto m'chipinda muli zii, mayi wina kumbuyo akupukuta misozi. Pamene manja ankawomba, Coralee anakweza maso n'kuona nkhope ya Emmett. Sinali yokwiya. Inali ya munthu amene akuwerenga chinthu chimene chalembedwa momveka bwino.

Mayi Rudd sanathawe. Anakhala pomwepo mpaka mzere wonse unatha, osakhudza madzi awo, ndipo Coralee anayenera kuyimbanso pamaso pawo. Anayimba imodzi mwa zija zonyoza Dewitt, koma tsopano anthu ankangomwetulira, akuimva ngati kukopana kwa anthu amene sanasiyane.

*

Coralee anawapeza Emmett ndi amayi ake pamalo oimika magalimoto, dzuwa likadali pamwamba. Mayi Rudd anali atagwira chitseko. Sanamuyang'ane mwana wawo, anangoti, "Unamuuza," ndipo Emmett anafota ngati tsamba la fodya. Kenako anatembenukira kwa Coralee.

"Muli ndi mawu abwino, mwanawe. Mwamuna wanga sanayimbiridwe bwino chotero ngakhale pamaliro ake."

Analowa m'galimoto n'kutseka chitseko mosamala. Coralee anayamba kufotokoza zonse nthawi imodzi, za sipika, za khofi, za liwu limodzi lokha. Emmett anamudula. Ntchito yake inali ya matabwa koma anakhala pakati pa oyimba zaka zambiri, ndipo ankadziwa kuti pamzere munthu sayimba nyimbo ya mwini.

"Dewitt analimo m'chipindamo?"

"Anabwera kudzatenga sipika yake, Emmett."

"Sindinafunse chimene anadzera."

"Analimo."

"Ndiye kuti bambo anga anawamva iyeyo poyamba, ine pambuyo." Anapukusa mutu. "Bodza lija ndikanalimeza, Coralee. Koma iwe wamuthandiza kuyimba. Anthu akuseka bambo anga, iwe chimene chakuwawa ndi liwiro la nyimbo."

Coralee anadziwa kuti zinali zoona. Anaima pomwepo galimoto ikutuluka, ndipo kumbuyo kwake Dewitt ankajambulitsa zithunzi ndi atsikana awiri pakhomo.

*

Masiku otsatira anamutumizira Emmett mauthenga aatali, aafupi, opepesa, okalipa. Onse ankaonetsa kuti awerengedwa. Anapita kushopu yake n'kupeza chitseko chotseka. Anzake oyimba ankamuimbira foni kumuyamikira, ati nyimbo ija ndi imene idzamukweze, ndipo ena ankafunsa monong'ona ngati bandi ikubwerera. Coralee anamuda aliyense wa iwo, anamuda Dewitt, koma kwambiri anadzida yekha, popeza pansi pa chisoni chonsecho panali kachimwemwe kakang'ono kakuti chipinda chija chinakhala chete.

Lachitatu Emmett anaimba foni. Mawu ake anali otopa. Anati amayi ake sanatuluke m'nyumba, sanapite ngakhale ku mapemphero a pakati pa sabata, akungodikira tsiku limene wina wa mumpingo adzayimve nyimboyo pawailesi. Pakali pano kumapiri palibe amene wamva. Anati anawachonderera mpaka anavomera chinthu chimodzi: nyimboyo ikafa, osatulukanso paliponse, iwo sadzaitchula, ndipo Coralee akhoza kupondanso pakhomo pawo.

"Sindikukukakamiza," anatero Emmett. "Ndikudziwa kuti ndi yabwino. Koma sungakhale ndi ine ndi iyo yomwe."

Coralee sanadikire kuti amalize. Anati ifa mawa lomwe.

M'mawa mwake anapita ku kampani yaing'ono imene inkatulutsa chimbale chake. Mkulu wa kampaniyo anagwira mutu, anati akuchotsa mtima wa chimbale, anati kutuluka kuchedwa, anamufunsa ngati wapenga. Coralee anaumirira mpaka mkuluyo anagonja. Atatuluka mu ofesi anaima pakhonde n'kulembera Emmett kuti nyimbo yafa, walumbira pamaso pa Mulungu. Zinamuwawa ngati wazula dzino labwinobwino, koma kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo anapuma mpweya wokwanira.

"Wachita bwino kuchotsa."

Dewitt anali atatsamira galimoto yake pansi pa masitepe, chipewa chili pamphumi. Mu mzinda umenewu nkhani imayenda msanga kuposa mwini wake.

"Yachoka m'chimbale chako, tsopano ilowa m'changa."

"Si yako, Dewitt."

"Theka ndi langa. Unayimba nane pamaso pa anthu, Cora. Ukana bwanji? Iwe ukhoza kukwirira theka lakolo, langa ndiliyimba."

Coralee ankadziwa kuti akunena zoona. Nyimbo ya anthu awiri, aliyense ali ndi ufulu woijambula, ndipo palibe loya amene akanamuuza zosiyana. Pa zaka zonse zimene anakhala ndi Dewitt anamutukwanapo, anamugendapo ndi mbale, koma anali asanamupemphepo kanthu. Tsiku limenelo anatsika masitepe n'kumupempha. Anati amulange iyeyo mmene angafunire, koma asiye mayi wamasiye amene sanamulakwire.

Dewitt anamuyang'ana, kumwetulira kutachoka.

"Chaka chonse wakhala ukulemba nyimbo zondivula pagulu. Mmene ndimaledzerera, mmene ndimalirira, zimene ndinakuuza pabedi. Amayi anga unawafunsapo? Nawonso ali ndi wailesi."



"Koma ine si chilombo," anapitiriza Dewitt. "Ubwere tijambule limodzi, mawu awiri ngati Loweruka lija. Mkulu wa mpingo timusandutse mlimi, za kalipentala ndisadzazitchulenso pasiteji, amayiwo afe ndi ulemu wawo. Ukakana ndiyimba ndekha, ndipo ndizitchula dzina la tauni ndi la malemu paliponse pamene ndaima, kuyambira kuno mpaka ku Texas."

Foni inanjenjemera m'dzanja la Coralee. Anali Emmett. Analemba kuti wawauza amayi, ndipo akuti abwere Lamulungu m'mawa akapemphere nawo limodzi, akakhale pabenchi ya banja. Pansi pake anawonjezera kuti, "Ndakukhulupiriranso. Usandichititse manyazi kachiwiri."

Dewitt anasuzumira pa phewa lake n'kuwerenga mosabisa, milomo ikuyenda.

"Lamulungu m'mawa," anatero akutsegula chitseko cha galimoto. "Situdiyo yanganso ndi ya Lamulungu m'mawa. Muyankhe kalipentalayo, akudikira. Ine usandiyankhe, ndikaona ndekha ngati wafika."